Mbale ya pa Boneti

Ndamva, ndamva. Musaganize kuti makutu anga anapuma pantchito limodzi ndi miyendo. Anthu ogula zitsulo zakutha aja anabweranso dzulo ndi sikelo yawo, ndipo inu ana mwagwirizana kale kuti chigalimoto chili kuseri kwa nkhokwecho chipite, akuti chikungosunga nkhuku ndi njoka. Iwe Tadala ndinakumva ukuseka mbale ili pa boneti ija, ukuti agogo ankadyera pa galimoto. Khalani pansi. Yamikani, foniyo ika m'thumba, siithawa. Ndikuuzeni za mbaleyo, kenaka mukagulitse bwino.

Mukudziwa kuti kuno ku Chezi si kwathu. Kwathu ndi kwa Msakambewa. Kuno ndinabwera kudzakwatira agogo anu a Melesiana, ndili ndi bulangete limodzi ndi khasu. Masiku amenewo ulendo umenewu unali wa miyendo. Unkanyamuka tambala atalira, m'thumba muli mbatata yootcha ndi mtedza, n'kumakwera zitunda mpaka mawondo kuyamba kudandaula. Ukapeza ngolo yolowera komwe ukupita, unkathokoza mwini wake ndi ng'ombe zomwe. Inu lero kungochoka pano kukagula mchere kumsewu mukufuna kabaza, ndiye mukatsika muzidandaulanso msana.

Galimoto yoyamba kuigwira ine inali ya abambo a ku parishi, ija yolizira ndi hendulo kutsogolo. Ikakwiya inkabweza hendulo n'kukuthyola chala. Ndinagwirako ntchito zaka zitatu m'galaja ya pamishoni, pansi pa bulazala wina wandevu amene ankamvera injini ndi sikuludiraiva: nsonga pa injini, chogwirira pakhutu, maso atatsinzina ngati ali pa Misa. Zaka zitatu zimenezo zinandipatsa nzeru pang'ono ndi matama ambiri, ndipo matamawo ndi amene anakhalitsa.

Kukhala pachikamwini, ana inu, n'kukhala ndi ulemu wobwereka. Munda ndi wa akazi ako, ana ndi a kwa akazi ako, ngakhale mtengo wa mango umene unabzala wekha, ukalakwa umausiya pomwepo. Mwini mbumba pano anali a Pasikale, achimwene awo a agogo anu, a nyumba yagwa khonde ija. Anali munthu wosalankhulalankhula. Sanandinyozepo, koma ine ndinkafuna kuti tsiku lina adzandiyang'ane n'kunena kuti alamu, ndinu mwamuna. Sananene, ndipo zinkandiwawa.

Chaka china, mayi wanu Rozina atakwatiwa kale, fodya anandikomera. Ndinagula kagalimoto kwa mphunzitsi wina ku Dowa boma, kokhala anthu asanu, kopitira ku ukwati. Koma ine ndinkafuna konyamula mabelo a fodya. Ndinapita nako kwa wowotcherera ku Mponela, tinakadula kumbuyo kwa mipando yakutsogolo, n'kuyala matabwa, n'kuika masipuling'i a minibasi. Titakweza mabelo anayi, pa chitunda choyamba kanangolira n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinati vuto ndi mtima, ngwaung'ono. Ndinapeza injini yaikulu ya galimoto ina imene inagubuduzika ku Ntchisi, tinaipachika ndi tcheni pa nthambi ya mkuyu n'kuitsitsiramo, inakhala. Koma boneti inakana kutsekeka, injini inali yaitali. Ndinachotsa chivundikiro cha pulasitiki cha pamwamba pa mapulagi n'kuwapatsa agogo anu kuti azimwetseramo anapiye. Boneti inakanabe. Ndiye ndinatenga tchizulo ndi hamala n'kuboola boneti pakati, chibowo chachikulu kuposa chikhatho chotambasula.

Anthu akafunsa ndinkati n'chopumira, magalimoto ampikisano amatero. Ine galimoto yampikisano ndinali ndisanaionepo, iwonso anali asanaionepo, ndiye tinkamvana. Kumbuyo ndinalembetsa ndi penti yofiira kuti MKAMWINI NAYE NDI MUNTHU, ndipo poimika ndinkaonetsetsa kuti kumbuyoko kwaloza kwa a Pasikale.

Lamulungu abambo anaidalitsa Misa itatha, timadontho tiwiri titatu, agogo anu akuyang'anitsitsa. Madzulo ake a Pasikale anabwera. Anaizungulira kamodzi, anawerenga mawu aja mpaka kumapeto, kenaka anapisa dzanja m'chibowo chija, anapukusa mutu, n'kubwerera kwawo osanena kanthu. Chimenecho muchisunge, chifukwa ine ndinachisunga kwambiri.

Sabata yoyamba inayenda ngati yatsopano. Yachiwiri inayamba kudwala. M'mawa ndikailiza, m'malo molira mosalala injini inkati du-du-du, du, du-du, galimoto yonse ikunjenjemera ngati munthu wa malungo. Chiwongolero chikugwedezeka m'manja, pagalasi loonera kumbuyo osaonapo kanthu, ku ekizozi kukuphulika pho! pho! ndi fungo la petulo wosapsa. Ndikachotsa phazi pa moto inkazima. Amakaniko amati ikumisa, kutanthauza kuti mwa masilinda anayi aja imodzi yanyanyala ntchito, zinzake zikuinyamula. Pa zitunda zathuzi, ndi mabelo kumbuyo, masilinda atatu sakwera. Anthu opita kudimba ankandipitirira ndi makasu paphewa n'kumandifunsa ngati ndili ndi uthenga woti akandiperekeretu kutsogolo.

Koma tamverani chodabwitsa. Ikayenda n'kutentha, matenda ankatha okha. Pofika pagalaja ku Lumbadzi inkalira mwaulemu, makaniko n'kumandiyang'ana ngati wabodza. Komabe palibe makaniko amene amabweza munthu osamupezera matenda. Woyamba anasintha mapulagi. Anaona zoyerayera zouma m'maenje mwake, anati limeneli ndi fumbi lakwanu. Wachiwiri anati ndi petulo wa m'zigubu, tinakhuthula thanki n'kusintha fyuluta. Wachitatu anamasula kabuleta yonse, anaiuzira ndi pakamwa, pomanga panatsala tizitsulo tiwiri, anati timeneti a kufakitale anangoikamo mokometsera. Wachinayi anali wa nzeru zanu zino, wa kompyuta. Anafunafuna polumikizira chingwe chake, anapapeza pansi pa chiwongolero, koma mawaya ake anangothera m'malere, poti thupi linali la galimoto ina, injini ya ina. Kompyuta inangoti duu. Iye anakanda m'mutu n'kuti, "Madala, galimoto yanuyi siikudziwa kuti ndi ndani." Mwa anayi onsewo, ameneyu yekha ndi amene ananena zoona.

Ndinabwerera ku nzeru za bulazala. Inu zimenezi simungazidziwe, mumafunsa foni ngakhale kaphikidwe ka phala. M'mawa ikunjenjemera choncho, umazula mawaya a mapulagi, uyu kenaka uyu. Ukazula wa silinda yamoyo injini imafooka, ukazula wa yakufa palibe chimasintha. Ine ndinkazulira kumtunda, ku disitibyuta kumene mawaya onsewo amayambira, kosavuta kufikako, moto wake ukundimenya mpaka m'mano. Lolemba yakufa inali yachitatu. Ndinasintha waya wake. Lachiwiri yachitatu yadzuka, yafa yachiwiri. Lachinayi zafa zonse ziwiri. Ana inu, chitsulo chikawonongeka chimawonongekera pamalo amodzi, matenda oyendayenda ngati amenewa bulazala sanandiphunzitse. Za madzi sindinaganizeko n'komwe, unali mwezi wa Juni, mvula tinaiiwala kalekale.

Ndiye ndinayamba kuphatikiza zinthu. Ndikagona ku Lilongwe pamzere wa ku okushoni kogulitsira fodya, m'mawa galimoto inkalira bwinobwino. Ikagona pakhomo pano, yadwala. M'mawa uliwonse ndikatuluka, a Pasikale ali pakhonde pawo, maso ali pa galimoto. Kenaka kunagwa maliro a azakhali awo kwa Dzoole, a Pasikale ndi agogo anu anapita masiku atatu. Masiku atatu onsewo galimoto sinatsokomoleko ngakhale kamodzi. Atabwera, m'mawa mwake, du-du-du. Kumaliroko anapita anthu awiri, koma mutu wanga unaona mmodzi.

Ndinasiya kuwapatsa moni a Pasikale. Kawiri konse anabwera pakhomo pano m'mawa, ine kungowaona ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndipo tsiku lina ku mphakati, kumapemphero athu a m'mudzi, titatha kuwerenga Mawu, nthawi yopempherera odwala, ndinaimirira n'kuti tipemphererenso anthu ena amene amapisa manja m'magalimoto a anzawo chifukwa safuna kuona mkamwini akutukuka. Dzina sindinatchule. Panalibe chifukwa, mudzi wonse unaliona dzanja lija. Agogo anu anafunda chitenje kumutu n'kutuluka.

Kutchula munthu ufiti si nthabwala. Ana anayamba kuwathawa a Pasikale panjira, amayi ena anasiya kukagula tomato kudimba kwawo. A Pasikale anatumiza mawu kwa ankhoswe: Loweruka m'mawa alamu abwere ndi umboni pamaso pa mbumba. Ukapanda kupezeka, atenge bulangete lawo abwerere kwa Msakambewa, galimoto yawo iwanyamule ngati ingathe. Ine ndinali ndi imvi kale, ndipo kwa Msakambewa munda wanga abale anagawana kalekale. Agogo anu anangoti, "Bambo a Rozina, ine pakati pa inu ndi achimwene sindisankhapo. Mwaziyamba nokha." Ndinachita mantha, ndikuuzeni zoona, koma manthawo sanandipatse nzeru, anangondipatsa changu.

Lachinayi madzulo ndinawaza phulusa kuzungulira galimoto kuti m'mawa ndione mapazi. Podzuka ndinapeza pabwalo patasesedwa bwinobwino, agogo anu akukalipa kuti ndani akumwaza phulusa paliponse. Iwo ankadzuka kusanayere, ine ndinkadzuka tiyi atapsa, ndipo zaka zonsezo sindinkadziwa zimene zimachitika pakhomo panga nthawi imeneyo. Ndiye Loweruka lomwelo m'mbandakucha ndinanamizira m'mimba, ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kukagona pampando wa galimoto.

Kunja kutayamba kuyera ndinamva mapazi. Ndinadzutsa mutu pang'ono. Sanali a Pasikale. Anali agogo anu, kolona m'khosi, m'manja chigubu chomwe kale chinali cha mafuta ophikira. Anaima kutsogolo kwa boneti, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kulankhula motsitsa. Magalasi a galimoto imeneyo sankatseka, ndiye ndinamva zonse.

"Ambuye, bambo awa ndi osamva, mukuwadziwa. Chinthu ichi anachidula pakati, mabuleki ake ndi a kagalimoto kakang'ono, zitunda ndi izi mukuzionazi. Azibwera amoyo. Ndipo lero musalole kuti achoke pamudzi pano. Ine ndakalamba nawo, sindingayambe lero kudya ndekha."

Atatero anapendeketsa chigubu pa chibowo changa chopumira chija. Khuthu, khuthu, khuthu. Osati timadontho ta abambo tija ayi, kapu yathunthu ndi kuposerapo.

Ndinatsegula chitseko. Anakuwa, chigubu chinagwa pansi.

"Mayi a Rozina, n'chiyani chimenecho?"

"Madzi odalitsa. Mwandiopsa inu! Mukutani m'menemo?"

"Munayamba liti?"

"Tsiku lomwe anadalitsa abambo lija. Ndinaona kuti athira pang'ono, ndiponso kunja kokha. Poyamba ndinkathira kachitsekerero kamodzi. Itayamba kudwala ndinaona kuti akuchepa, ndiye ndinawonjezera."

"Nanga madzi onsewa mumawatenga kuti?"

"Akatsala pang'ono ndimathiramo a pa mjigo, madalitso amafalikira okha. Ndi kamchere, monga amachitira abambo."

Ndinatsegula boneti n'kuzula waya wachitatu, ulendo uno kumunsi, ku pulagi kwenikweni, kumene ndinkachita ulesi kufikako. Pa injini imeneyo mapulagi amakhala m'maenje akuya, omwe kale ankavundikiridwa ndi chomwera anapiye chija. Dzenje linali lodzaza. Ndinaviika chala n'kulawa: mchere. Moto woti ukafike ku pulagi unkangothawira m'madzimo. Injini ikatentha madzi ankauma, n'kutsala zoyerayera zija tinkati fumbi. Silinda yofa inkasinthasintha malinga ndi kumene dzanja la agogo anu lapendekera tsiku limenelo. Ndinakulunga kansanza ku sipoko ya njinga, ndinapukuta maenje onse anayi, n'kuliza. Inalira mosalala mwakuti kapu ya tiyi pa boneti sikanatayika. Sindinasangalale ngakhale pang'ono. Ndinakhala pa bampala n'kumayang'ana ankhoswe, amene anali atayamba kale kuyala mphasa pansi pa mango.

Anthu atakhala, anandifunsa umboni. Agogo anu anali kumbali, maso ali psuu. Ndinaganizako zonena kuti ndi amayiwa, anthu aseke iwo, ine ndipulumukirepo. Musandiyang'ane choncho, ndikuti ndinaganizako. Koma pemphero lija linali likadali m'makutu. Ndinagwada pa dothi, ine wa imvi.

"Wolodza galimoto ndamupeza," ndinatero. "Ndi amene anaboola boneti n'kuchotsa chivundikiro. M'mapulagi munkalowa madzi. A Pasikale ndinawanamizira pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Ndalakwa."

Nkhoswe wina anati, "Madzi mu Juni muno? Achokera kuti?"

Agogo anu anaimirira okha. "Ndinkathira ndine, odalitsa. Ndipo sindileka kupemphera chifukwa choti wina sadziwa kutseka zinthu zake."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira pansi. A Pasikale okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe, ndiye analankhula, mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva kwa iwo chikwatirire.

"Alamu, mlongo wangayu ndinkamuona m'mawa uliwonse ndili pakhonde. Njinga yanga yamoto ikawoloka mtsinje, madzi n'kufika pa pulagi, imachita chimodzimodzi. Tsiku loyamba lija ndinapisa dzanja, ndinapeza mapulagi ali osavundikira. Koma ndinali nditangowerenga zakumbuyo zija, ndiye ndinati munthu ameneyu lero sangamve za ine. Itayamba kudwala ndinamuuza uyu, anandiyankha kuti madzi odalitsa sangawononge chinthu. Ndinabwera kwa inu kawiri. Munanditsekera chitseko."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo kwina kulikonse. Ndinazungulira magalaja, ndinamenyedwa ndi moto wa mapulagi, ndinawaza phulusa ngati wamisala, pamene yankho linali litakhala pakhonde apo, mtunda woti moni wa m'mawa akanakwana.

Ankhoswe anagamula kuti ndipepese ndi tambala, ndi kukabweza mawu ku mphakati komwe ndinawanenera. Tambalayo anaphikidwa tsiku lomwelo, ine ndi a Pasikale tinadyera mbale imodzi, yawo, yachitsulo ya maluwa m'mbali. Titatha a Pasikale anaitsuka okha, anapita nayo pa galimoto, anaivundikira pa chibowo chija. Inakwana ndendende, injini yotumphuka ija inabisala mkati mwake. Anaboola timabowo tinayi ndi msomali, tinamanga ndi mabawuti, iwo atagwira pamwamba, ine pansi.

"Apa tatseka, alamu," anatero. "Pakamwa panupo mbale yokwana ndilibe."

Ndinatenga penti kuti ndifufute mawu akumbuyo aja. Anandigwira mkono.

"Asiyeni, ndi oona. Palibe anakutsutsanipo."

Kuyambira pamenepo madzi aja agogo anu ankathira ine, pamutu, m'mawa uliwonse ndisanakwere, ndi mu Juni momwe. Afunseni, ali m'khitchinimo akunamizira kusamva. Sindinadandaulepo. Galimotoyo inayenda zaka zambiri, inanyamula fodya, chimanga, akwati, ndi iwe Yamikani pochokera kuchipatala uli kakhanda kolira kuposa ekizozi. A Pasikale atamwalira, ndi imene inanyamula bokosi lawo kukwera chitunda cha kumanda, pang'onopang'ono, giya wani, anthu akuimba pambuyo. Njira yonse ndinkaipempha kuti isandichititsenso manyazi pamaso pawo. Sinamise ngakhale kamodzi. Ine ndi amene sindinkaona bwino njira.

Ndiye aitaneni anthu a sikelo aja, atenge thupi, atenge injini, nkhuku zipeza pena poikira. Koma iwe Tadala, poti ndiwe unaseka, katenge sipanala teni m'bokosi langa. Pali mabawuti anayi, achita dzimbiri, uthire kaye palafini. Mbaleyo siikwera sikelo. Ukaitsuke bwino, ndidyeramo madzulo ano.